Bambo awo akufuna ana apite kumudzi holide yonse, kodi kusewera kutchire kuli ndi phindu lenileni?

MayiWaKu25

Abale ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mukulera ana mtauni muno. Ine ndili ndi awiri, wamwamuna wa zaka 9 ndi wamkazi wa zaka 6, timakhala ku Area 25 ku Lilongwe nyumba ya lendi ya mumpanda, panja ponse analandilodi anathira simenti kungosiya kamalo kochepa koyanikira zovala. Ana amenewa akangoweruka kusukulu ndi TV basi, magetsi akazima amakalanda foni ya anti, foni ikatha moto nde mnyumba simukhalika, kulira, kumenyana, kudandaula kuti tanyong'onyeka. Geti sitimawalola kutuluka okha chifukwa msewu wathu makabaza anjinga zamoto ndi osayamba. Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri nchakuti wamkuluyu wayamba kufinya maso akamaona zinthu zapatali, moti aphunzitsi ake anamusunthira benchi la kutsogolo.

Nde bambo awo akuti holide yaikulu ikubwerayi onse awiri apite kwawo ku Ntchisi akakhale ndi agogo awo mpaka sukulu itsegulire. Akuti mwana sangakule osadziwa mtengo wa msuku, osapondako dothi, osaonako mmene mbuzi imaberekera, akuti iwowo anakulira kudambo ndi kutchire ndipo ndi zomwe zinawapanga kukhala munthu wolimba. Ine sindikutsutsa, inenso ndinakulira kumudzi ndipo masanje ndinasewera, koma mtima wanga suli mmalo. Ndikuganiza za malungo, madzi akumwa, njoka, mtsinje uli kuseri kwa nyumba ya apongozi, komanso ana angawa sanazolowere, wamng'onoyu olo nyerere imuyende pamwendo amakuwa mudzi wonse kumva.

Funso langa nali. Kodi pali phindu lenileni lomwe mwana amapeza akamakhala kunja pakati pa mitengo, madzi, tizilombo ndi zina zotero, lomwe inu munaliona ndi maso anu kapena lomwe achipatala amanena, kapena ndife akuluakulu tangopukwa ubwana wathu nde tikufuna ana adutse momwe tinadutsa ife? Ndipo inu amene ana anu samapita kumudzi mumatani mtauni momwe muno?

Mphunzitsi_Dedza

Mayi, ine ndaphunzitsapo pulayimale kumudzi komanso pa boma, nde ndiyankha malinga ndi zomwe ndimaona mkalasi.

Phindu lilipo ndipo limaoneka. Chachikulu chomwe mwana amatenga kunja ndi kutha kuyang'anitsitsa chinthu mpaka kuzindikira kuti chasintha. Ndikamaphunzitsa za nthaka ndi mitengo ndimakonda kufunsa kuti ndi mtengo uti umayoyola masamba dzinja pamene inzake yonse ikuphuka. Mwana woweta mbuzi amayankha asanakweze nkomwe mkono, akuti msangu sala, ndipo asanamalize akuuzaninso kuti chimanga cha pansi pa msangu chimakhala chobiriwira kuposa cha pambali, komanso kuti mchilimwe nyemba zake zikagwa mbuzi zimathamangira pomwepo osafuna kuchoka. Mwana ameneyu mawu oti nayitrojeni sanawamvepo, koma ndikangofotokoza kuti masamba aja akagwa amaola nkusanduka chakudya cha mbewu, ndipo poti mtengo wayoyola dzuwa limafika pa chimanga, zimangolowa chifukwa anaziona kale, ine ndangomupatsa chifukwa chake. Mnzake amene sanauonepo msangu amaloweza, mayeso amakhoza bwinobwino mwinanso kuposa woweta mbuzi uja, koma mukamufunsa teremu yotsatira zonse zinauluka.

China ndi kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kutchire ndi kumene mwana amaphunzira zimenezi popanda womukalipira. Akafuna kuona kuti mpheta ikulowetsa chakudya pati ayenera kukhala chete osasuntha, akasuntha yathawa, palibe woti amudandaulire. Pa foni chilichonse chimabwera pompopompo, katuni ikangotopetsa pang'ono chala chasuntha kale, nde mwana wotere mukamupatsa samu yofuna kuganiza mphindi zisanu amaona ngati mukumuzunza. Ine kalasi ikafika posokosera kwambiri chakumasana sindilimbana nayo, ndimaitulutsa tizungulire kankhalango ka sukulu, aliyense abwere ndi tsamba losiyana ndi la mnzake, tikabwerera amakhala pansi bwino ndithu. Ndipo chomwe chimandikhudza nchakuti mnyamata uja amene mkalasi timamuti wovuta, wosakhazikika, kunja kuja ndi amene amatsogolera, amadziwa dzina la mtengo uliwonse ndi komwe kuli chisa cha mavu, anzake amamumvera. Mwana wotere akaona kuti pali chinthu chomwe iye amatha amasintha olo mkalasi momwe.

Musaiwalenso masanje ndi masewera ena omwe ana amapanga okha wamkulu palibe. Kumeneko amagawana okha kuti mayi ndani, bambo ndani, fisi ndani, amakangana nkugwirizana okha, wamkulu amaphunzira kudikira wamng'ono. Thupinso limaphunzira. Mwana wokwera mitengo amadziwa kuti nthambi ya gwafa imapindika osathyoka msanga koma papaya sakwera, amayamba wayesa ndi phazi asanaike thupi lonse. Adzagwa inde, adzasupuka maondo, koma kudziwa polekezera kumachokera pomwepo.

Funsaninso kusukulu kwawo ngati kuli kalabu ya zachilengedwe, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM lakhala likuthandiza makalabu amenewa msukulu zambiri. Ndipo nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka 15 April, mwana aliyense mumupatse mbande yake yake aisamale yekha.

Kilinishani_Zomba

Asisi, ndiyambe ndi nkhani ya maso ija chifukwa ndi mbali yomwe ndimagwira. Mwanayo musadikire holide, pitani naye akamuyeze maso sabata ino. Kufinya maso ndi kusunthidwira kutsogolo nthawi zambiri ndi vuto losaona patali, ndipo likamayamba mwana ali wamng'ono limakonda kukula chaka ndi chaka.

Pa funso lanu, apa nde pali umboni weniweni. Vuto losaona patali limabwera diso likakula motalika mopitirira muyeso, nde chithunzi cha zinthu zakutali chimagwera patsogolo pa malo ake. Kuwala kwa kunja kumathandiza diso kuti lisatalike msanga. Anthu ambiri sadziwa kuti olo mutakhala pa mthunzi wa mango, kuwala kwa pamenepo kumaposa kutalitali kwa mnyumba moyaka mababu. Ku Guangzhou ku China anayesa msukulu za pulayimale, ana ena anawaonjezera mphindi 40 zokhala panja tsiku lililonse la sukulu, ena ayi, patatha zaka zitatu mwa ana 100 aliwonse otuluka panja pafupifupi 30 ndi amene anayamba vutoli pamene kwa enawo anali pafupifupi 40, zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Ku Taiwan boma kuyambira 2010 linalimbikitsa sukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 patsiku, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino chomwe chinkangokwera chinayamba kutsika. Kumeneko vutoli ndi lalikulu kwambiri kuposa kwathu kuno, koma ana athu a mumpanda tikuwalera mofanana ndi a kumeneko, sukulu mmawa, part time masana, TV madzulo.

A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga mpaka kutuluka thukuta kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi ali pa TV kapena foni. Mwana amene watha tsiku kudambo simumuchonderera kudya, nsima ya bonongwe amamaliza, ndipo ikamakwana 8 koloko wagona tulo tofa nato.

Koma mantha anu si opanda pake ayi, ndipo bambo awo asawapeputse. Mwana wokulira mtauni amene sanadwaledwale malungo thupi lake silinazolowere, akamugwira amamugwira mwamphamvu kuposa asuweni ake akumudzi. Mwayi wake holide yaikuluyi imagwa nyengo yopanda mvula ndipo ku Ntchisi kumazizira, udzudzu umachepa poyerekeza ndi January kapena February, koma neti apite nayo yawoyawo ndipo mukaimangirire nokha. Malungo amatenga sabata kapena kuposa asanaonekere, nde olo atabwerako ali bwinobwino, thupi likangotentha thamangani akayezedwe ndipo muwauze achipatala kuti anali kumudzi, osangomupatsa panado.

Mtsinje uja ndi umene ine ndikuuopa kwambiri kuposa njoka. Mwana amamira mmadzi ochepa ndipo samakuwa ngati mmene anthu amaganizira, zimachitika mwakachetechete. Wa zaka 6 asapite kumadzi popanda wamkulu weniweni, osati mnzake wa zaka 10. Palinso likodzo, limachokera ku tinkhono ta mmadzi odekha, mmaiwe ndi mmbali mwa mitsinje momwe muli udzu ndi bango, tizilombo take timalowa pakhungu mwana akungosewera. Zizindikiro zimachedwa, pakhoza kutha milungu yambiri, mukadzaona magazi kumapeto kwa mkodzo mudziwe ndi limenelo, mankhwala ake ndi praziquantel omwe amagawa msukulu aja. Madzi akumwa awiritse kapena athire kolorini.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, yovuta ndi mphiri poti imangogona panjira osasuntha. Nsapato zotseka, tochi usiku, ndipo muwauze kuti dzanja salowetsa kuuna kapena pansi pa mwala. Ikaluma osatema, osayamwa, osamanga chingwe mothina, mwendo usasunthesunthe ndipo amunyamule athamangire naye kuchipatala. Galu akaluma kapena kukanda, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Zonsezi ndi zoti mukambirane ndi apongozi anu mwaulemu, sizifukwa zoletsera ana kupita.

NaNdirande

Ine ndiyankhula mosiyana pang'ono, mundikhululukire. Kumudzi komwe amuna anu akukukumbukirako mwina kulibenso. Ine kwathu ndikapita ndimamva chisoni, phiri lomwe tinkatola masuku ndi kuzula bowa wa utale pano ndi mbee, mitengo inathera makala, njerwa ndi zigafa za fodya, dambo lomwe tinkaumba ng'ombe zadothi analima madimba mpaka mmphepete mwenimweni mwa mtsinje. Ana akumeneko nawonso masana ali pa video show pa trading, ena ali pa foni ya amalume awo. Nde musaganize kuti mukangowatsitsa minibasi basi chilengedwe chawalandira. Ku Ntchisi bola kuli nkhalango ija yotetezedwa pa phiri, koma zitengera kuti mudzi wa apongozi anu uli mbali iti.

Chinanso chomwe anthu sakunena apa, kumudzi amene amapita kutchire ndi anyamata. Mtsikana amadzuka kusesa, kutsuka mbale, kutunga madzi, kubereka mwana wa azakhali ake, pamene mchimwene wake watenga legeni wapita, abwera dzuwa litapendeka kudzafunsa nsima. Ine ndinakula choncho ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kuphunzira ntchito nkwabwino sindikukana, koma ngati cholinga chanu nchakuti ana onse awiri apindule ndi kunja, munene poyera kuti wamkaziyo nayenso azipita kudimba ndi agogo ake, azikwera nawo mitengo, aziona nawo mbalame. Ndiponso mwana wamkazi wa zaka 6 mudziwe amene akugona naye nyumba imodzi ndi amene amatsala naye agogo akapita ku maliro kapena ku tchalitchi. Izi timachita nazo manyazi kufunsa pachibale koma funsani.

Ndipo mwezi umodzi pachaka sungakonze miyezi ina yonse ya mumpanda. Ine ana anga ndimawalera mu Ndirande momwe muno, malo ndilibe, koma ndinadzaza dothi mmatumba a simenti kuseri kwa nyumba, aliyense ali ndi thumba lake, wina tomato wina mpiru wina anadzala nyemba kungofuna kuona mmene zimatulukira. Mmawa asanavale yunifomu amathamangira kukaona, tsiku lina anapeza mbozi yadya masamba nde inali nkhani ya sabata yonse, anaiika mbotolo mpaka inasanduka gulugufe. Loweruka lina timakwera ku Michiru. Inu ku Lilongwe muli ndi Wildlife Centre ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre mmphepete mwa Lingadzi, muli tinjira toyenda pansi pa mitengo, komanso phiri la Bunda ndi la Nkhoma si patali. Olo madzulo kungotuluka nawo geti kuyenda wapansi mpaka komwe kuli mitengo, foni mutasiya mnyumba inuyonso.

Malume_ku_Leeds

Achemwali, ine ndili ku UK ndipo nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa kuno ndi yaikulu. Sukulu zambiri za ana ang'onoang'ono zili ndi zomwe amati forest school, maganizo ake anachokera ku maiko a Scandinavia makamaka Denmark, anafika kuno chakumayambiriro kwa ma 1990. Tsiku lake likafika ana amavala majombo ndi majekete a mvula, amapita kukankhalango kapena kumbali kwa bwalo komwe kuli mitengo, kaya kukugwa mvula kaya kukuzizira, amamanga tizisakasa ndi nthambi, kufukula nyongolotsi, kusema timitengo, kusonkha moto pamaso pa mphunzitsi amene anachita kukaphunzira zimenezo mpaka kulandira satifiketi. Mwana wanga tsiku limenelo amabwera matope okhaokha koma ndi tsiku lokhalo lomwe amandifotokozera zonse zomwe wachita ndisanamufunse. Nthawi ya holide makolo amalipira ndalama zambiri ndithu kuti ana akachite zimenezi, zomwe kwa agogo ku Ntchisi mwana amachita ulere, ndipo kumeneko wowaphunzitsa ndi munthu woti mitengoyo anakula nayo.

Kuno tilinso ndi vuto la dzuwa. Kuyambira October mpaka March dzuwa la kuno ndi lofooka moti khungu silipanga vitamin D, ndipo ife akhungu lakuda zimativuta kwambiri, a NHS, omwe ndi azaumoyo a boma kuno, amalangiza kuti ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 azimwa ma microgram 10 a vitamin ameneyu tsiku lililonse, ndipo ife ochokera ku Africa amati tiziganizira zomwa chaka chonse. Vitamin ameneyu akasowa mafupa a mwana amafewa, miyendo imapindika. Kumudzi dzuwa lilipo chaka chonse, nde zimandipweteka kumva kuti ana ku Lilongwe akukula motsekeredwa ngati kuti nawonso ali mu flat kuno.

Chomwe ine ndimadandaula kwambiri ndi chilankhulo. Ana anga Chichewa amamva koma maina a zinthu alibe. Kwa iwo mbalame iliyonse ndi mbalame basi, sadziwa pumbwa, timba, namzeze, nkhwali. Matowo, nthudza, maye, mpoza, sanalawepo. Maina amenewa saphunzirika pa tebulo, amabwera mwana atagwira chinthucho mmanja agogo nkumuuza kuti ichi nchakuti, ichi sadya, ichi timamwa mmimba mukamapweteka. Agogo awo akadali moyo ndi mphamvu, atumizeni achemwali. Amayi anga anatisiya ana anga asanafike msinkhu woyenda nawo kumunda.

MbusaWakale

Mlamu, ndikuyankhani ngati munthu wa mbali yomweyo, ine kwathu ndi ku Dowa moyandikana ndi Ntchisi. A NaNdirande anena zoona kuti mitengo inachepa, koma musaganize kuti mwana amafuna nkhalango yaikulu. Munda wokololedwa, chulu, khola la mbuzi ndi kadambo, kwa mwana wa mumpanda limenelo ndi dziko lathunthu.

August ndi nthawi yabwino kwa mwana woyamba kumene. Kulibe matope, mitsinje yaphwera, ntchito yakumunda yachepa nde akuluakulu ali ndi mpata. Mmawa kukadali chisanu ndi nthawi yogwira ziwala, chifukwa zimakhala zitauma ndi kuzizira sizitha kuuluka, mumangozitola pa udzu ndi pa mapesi nkumaponya mbotolo, dzuwa likangotentha basi zayamba kuthamanga simungazigwirenso popanda nthambi. Mwana amazindikira yekha kuti kuzizira kumafoola tizilombo popanda womuuza. Ndiye pali kusosa mbewa. Anyamata amayang'ana kaye una ngati uli wamoyo, dothi la pakhomo likhale latsopano, timapazi tioneke, kenako amafufuza mbuli komwe mbewa ingatulukire pothawa nkuikapo munthu, wina akukumba ndi khasu kutsata njira, kumanunkhiza dothi, kumalowetsa kamtengo osati dzanja. Mwana wanu wa zaka 9 tsiku loyamba adzangoima patali, mwina adzanyansidwa, koma tsiku lachitatu adzakhala ndi amene akulondera mbuli ndi chibonga mmanja. Kudya kapena kusadya ndi nkhani ina, musamukakamize. Madzulo mwezi ukawala pabwalo pali chibisalirano, jingo, nthano za agogo pamoto uku akukazinga chimanga kapena kuotcha mbatata.

Zoti muwachenjeze zomwe a chipatala sanatchule ndi ziwiri. Chitedze nyengo imeneyo chimakhala chitauma, mwana akangokhudza kapena kudutsa pansi pake mphepo ikuomba adzalira tsiku lonse, nde asuweni ake amuonetse tsiku loyamba lomwe kuti achidziwe. China ndi moto wa tchire, anyamata ena amatentha tchire posaka mbewa, mchitidwe woipa womwe ukutithera mitengo yaing'ono, ndipo ndi mphepo ya mwera moto umathamanga kuposa mwana. Muwauze akaona utsi abwerere kunyumba.

Langizo langa, musangowatumiza ndi kondakitala kapena kuwatula nkubwerera tsiku lomwelo. Pitani nawo inu kapena bambo awo mukagoneko masiku angapo, muyende nawo limodzi, muone mtsinjewo ndi maso anu, musankhe msuweni wamkulu wodalirika amene aziyenda nawo. Zovala atenge zakutha, juzi yokhuthala chifukwa ku Ntchisi usiku kumazizira zedi, mafuta odzola poti miyendo imachita mikwingwirima ndi mphepo. Foni kapena tabuleti asatenge, akatenga ana onse a mmudzi adzaunjikana pakhonde kuonera katuni nde palibe chomwe mwachita. Masiku oyamba adzalira kuti tikufuna kwathu, apongozi asathamangire kukuimbirani, zimatha zokha. Ndipo agogowo muwasiyire kangachepe ka sopo, shuga ndi ndiwo, pakamwa pawiri poonjezera si masewera chaka chino.

MayiWaKu25

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri ndipo bambo awo ndawawerengeranso. Tagwirizana kuti apita koma osati holide yonse, tiyamba ndi masabata awiri, ine ndipita nawo ndikakhaleko masiku oyamba, zikakayenda bwino tidzaonjezera. Za mwana wamkazi zija a NaNdirande mwandikumbutsa chinthu chofunika, ndikakamba ndi apongozi ndekha pa awiri, ndi munthu womva. Matumba a dothi tayamba kale kusonkhanitsa, wamng'onoyu akuti iye adzala mtedza.

A Kilinishani ndifunseko kena. Mnyamatayu ndikupita naye Lachisanu kukayezetsa, koma bambo ake akuti akamupatsa magalasi tisamuveke msanga, akuti magalasi amaononga maso ndipo mwina akakhala kumudzi maso adzabwerera okha. Zoona zimenezi? Ndipo ngati amupatsa, apite nawo kumudzi kapena adzangowaswa?

Kilinishani_Zomba

Ayi asisi, magalasi saononga maso, auzeni bambo akunyumba asadandaule. Anthu amaganiza choncho chifukwa mwana akavala chaka chino, chaka chamawa amafuna amphamvu kuposa, koma chimenecho ndi diso lomwe likupitiriza kukula, likanatero olo asanavale. Kumumana magalasi kumangomuchititsa kuti asaone pa bolodi, mutu uzimupweteka, atsalire mkalasi.

Diso likatalika silibwereranso, nde ngati amupeza nalo vutoli kumudzi sikungalichotse. Kukhala panja kumagwira ntchito kwambiri poteteza mwana amene sanayambe, kwa amene wayamba kale thandizo lake ndi locheperapo, komabe azituluka ndithu. Amene apindule kwambiri pa nkhani ya maso ndi wa zaka 6 uja, nde maola awiri panja tsiku lililonse muwaikire onse awiri ngakhale sukulu ikatsegulira, kuwerengera nthawi ya buleki ndi yoyenda pobwera kusukulu. Homuweki ngati kukadali kowala azilembera pakhonde. Wamng'onoyonso mupite naye Lachisanulo amuyezeretu.

Magalasi apite nawo, ndi kumene akawafune kwambiri kuti aone mbalame zili mmwamba mumtengo ndi njira yomwe akuponda. Pemphani a pulasitiki osati agalasi lenileni, mumangirire kachingwe kozungulira kumutu kuti asagwe akamathamanga, ndipo kabokosi kake mukapereke kwa agogo kuti usiku azisunga iwowo.